Galu wodwala pakhomo panu: chifundo chisaphe nkhwali

Tiyerekeze kuti ndi Loweruka madzulo. Mwana wanu wa sitandade 5 wabwera kuchokera kosewera cha ku damu la Chimwankhunda atafungatira kanthu m'malaya. Mukasuzumira mukupeza kuti ndi kagalu. Nthiti zili pamtunda, ubweya wasosoka m'makutu ndi kumsana, m'maso muli manthongo, mimba yokha ndiyo yatupa ngati ng'oma. Mwanayo akuti, "Amayi, anakataya m'ngalande. Chonde tikasunge." Inu mungatani?

Ambirife yankho limakhala lapafupi: "Kabweze komwe wakatolako, usatibweretsere matenda pano!" Ena amtima wofewa amakalandira ndi manja awiri, kukasambitsa m'beseni la ana, kukapatsa phala, n'kulola kuti ana azikasisita mpaka nthawi yogona. Mayankho awiri onsewa ali ndi vuto. Woyambayo wasowa chifundo. Wachiwiriyo chifundo ali nacho koma sakudziwa chimene wanyamula, ndipo makolo athu adatichenjeza kale kuti chifundo chidapha nkhwali. Galu wodwala angathe kutengedwa, kuchiritsidwa, n'kulondera pakhomo panu zaka khumi kapena kupitirira. Koma pali njira yake, ndipo amene waiphonya njirayo amaika moyo wa ana ake pachiswe. Phunziro lathu la ulendo uno ndi la njira imeneyo.

Kodi Mkhristu ali ndi ntchito ndi galu?

Mwina ena mukudabwa kuti nkhani ya agalu ikufuna chiyani m'magazini ya dayosizi. Pa chikhalidwe chathu galu si nyama ya ulemu. Ukafuna kumunyoza munthu umamutcha galu. Mwana akatola mwala, woyamba kugendedwa ndi galu. Usiku timamufuna kuti auwe akuba, kukacha timamukankha ndi phazi pakhonde. Akadwala, ambiri sitiganiza n'komwe zoti kuli dokotala wake; timangodikira kuti afe tikamutaye kudzala.

Mpingo umaphunzitsa zina. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2416, amatikumbutsa kuti nyama ndi zolengedwa za Mulungu, kuti Iye amazisamalira, ndipo ife tiyenera kuzichitira chifundo monga ankachitira Francis Woyera wa ku Assisi. Pa ndime 2418 akupitiriza kuti kuzunza nyama kapena kuipha popanda chifukwa kumatsitsa ulemu wa munthu mwini wakeyo. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya chaka cha 2015, adatsindika kuti mtima wa munthu ndi umodzi: amene wazolowera nkhanza kwa nyama sachedwa kuzichita kwa anthu anzake. Amene mudawerengapo buku la Tobiti mukukumbukira kuti Tobiyasi pa ulendo wake wautali uja, kuwonjezera pa mngelo Rafaele, adatsatidwanso ndi galu, popita ndi pobwera pomwe. Wolemba bukulo sadaone cholakwika kumuwerengera galuyo pa ulendo wodalitsika.

Koma ndime yomweyo ya 2418 ili ndi chenjezo limene sitiyenera kulidumpha. Ikunena kuti si bwino kumwaza pa nyama ndalama zimene zikadayenera kuyamba zathandiza anthu ovutika. Choncho pano sitikukuuzani kuti muzigulira galu chakudya cha m'zitini pamene mwana wa mlongo wanu wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Tikunena kuti ngati mwasankha kukhala ndi galu, mwasenza udindo. Ndipo pali chifukwa china chimene ife a zaumoyo timachiona tsiku ndi tsiku: galu ndi mwana amasewera pa dothi limodzi. Galu wa pakhomo akakhala wodwala, matenda ena amathera mwa mwanayo.

Matenda ambiri a agalu ndi ochizika

Tiyambe ndi nkhani yolimbikitsa. Agalu ambiri amene amaoneka omvetsa chisoni m'makwalala a Chimwankhunda, Zingwangwa kapena Chilobwe sakudwala nthenda yoti sangachire. Zimene zawafooketsa ndi njala, mphere, njoka za m'mimba ndi nkhupakupa.

Mphere ndiyo imene imanyansa anthu kwambiri. Imayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakumba m'khungu. Galu amadzikanda usana ndi usiku, ubweya n'kusosoka, khungu n'kukhakhala ngati khungwa la mtengo. Mtundu wina wa mphere umatha kuyabwitsa munthu amene amanyamula galuyo, ngakhale pa munthu sukhalitsa. Dokotala wa ziweto amaichiza ndi jekeseni kapena mankhwala osambitsira, mobwereza kwa masabata angapo, ndipo ubweya umameranso wonse. Chimene tikupempha ndi chakuti musiye mchitidwe wopaka galu oyilo wakuda wa galimoto. Oyiloyo amaotcha khungu lomwe lili kale ndi zilonda, ndipo galu akamadzinyambita amamwa poizoni.

Mimba yotupa ya kagalu kaja nthawi zambiri ndi njoka za m'mimba. Tiana ta agalu tambiri timabadwa nazo, kapena timazitenga poyamwa. Mazira a njokazi amatuluka ndi ndowe n'kukhala m'dothi nthawi yaitali, ndipo mwana wokwawa amene amaika zala m'kamwa angathe kuwameza. Mankhwala ake ndi mapiritsi, otchipa poyerekeza ndi zina zonse. Kagalu kakang'ono kamafunika kumwetsedwa masabata awiri aliwonse mpaka katakwana miyezi itatu. Galu wamkulu, kamodzi pa miyezi itatu iliyonse. Ndowe zake zizikwiriridwa kapena kutayidwa m'chimbudzi, osati kusesedwera kumpanda wa aneba.

Nkhupakupa siziyamwa magazi okha. Zimapatsa galu nthenda ya m'magazi imene imamutenthetsa thupi, kumulanda mphamvu ndi kumukanitsa chakudya. Nkhama zake, zimene zimayenera kukhala zofiirira, zimayera mbuu, ndipo nthawi zina mkodzo umada. Nthendayi imapha ikalekereredwa, koma ikapezeka msanga imachizika. Palinso chotupa chotuluka magazi kumaliseche, chimene agalu amapatsirana pokwerana. Eni agalu ambiri akachiona amataya mtima, pamene chimafota ndi jekeseni wa kamodzi pa sabata kwa masabata angapo. Chimenechi sichigwira munthu.

Yovuta pa tiana ta agalu ndi nthenda yotchedwa parvo. Kagalu kamasanza, kamatsegula m'mimba zamagazi zonunkha kwambiri, ndipo madzi amatha m'thupi m'masiku ochepa. Sigwira anthu, koma kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, moti amene kagalu kake kafa ndi parvo asathamangire kutenga kena kosalandira katemera n'kukaika m'khola lomwelo.

Mawu amodzi kwa amene mumakonda kutsegula kabati ya mankhwala: Brufen ndi Panado ndi mankhwala a anthu. Brufen amaononga m'mimba ndi impso za galu, ndipo Panado pa mlingo wolakwika amaononga chiwindi. Musamupatse galu mankhwala alionse amene dokotala wa ziweto sadanene.

Koma pali nthenda imodzi

Zonse tatchulazi zimapereka mpata woti muganize, mufunse, mufunefune ndalama. Chiwewe sichipereka mpata wotero. Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu a nyama yodwala, ndipo kamalowa mwa munthu polumidwa, pokandidwa, kapena galu akanyambita pachilonda, m'maso kapena pakamwa. Kakalowa kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo. Ulendowo umatenga miyezi iwiri kapena itatu nthawi zambiri, koma ungathe kutenga sabata imodzi yokha kapena chaka chathunthu. Bala limapola, banja limaiwala. Ndiye tsiku lina mwana amayamba kutentha thupi, kubwebweta, kuopa madzi ngakhale ali ndi ludzu. Zizindikiro zikafika apo, palibe chipatala m'Malawi muno kapena kunja chimene chingalonjeze kumupulumutsa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi ku Asia, kuti pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene nkhwali imafera. Tonse timamudziwa galu wachiwewe wolusa, wothamanga mwachisawawa, woluma chilichonse ngakhale mtengo kapena tcheni chake. Ameneyo anthu amamuthawa okha. Koma pali mtundu wina wa chiwewe umene galu salusa. Amangokhala ndwii pakona, wofooka, miyendo yakumbuyo ikukanika, chibwano chili lende, dovu likuchucha, kumeza kukukanika. Galu amene ankathawa anthu amatha kukhala wofatsa modabwitsa n'kumalola kugwiridwa. Munthu wachifundo akamuona amati, "Watsamwidwa ndi fupa," n'kulowetsa dzanja m'kamwa kuti alichotse. Dzanjalo likakhala ndi kachilonda kakang'ono, kapena likakhudzana ndi dzino, basi kachilombo kalowa. Galu aliyense wochucha dovu, wolephera kumeza kapena kutseka pakamwa, musamugwire, ngakhale akhale wanu wa zaka zambiri. Mutsekereni pomwe alipo, chotsani ana, itanani a zaziweto.

Dziwaninso kuti kagalu kakang'ono kangathe kukhala ndi chiwewe. Ambiri amaganiza kuti ndi nthenda ya agalu akuluakulu, ndipo kagalu kakaluma mwana amangoti n'kusewera. Komanso galu amene walumidwa ndi mnzake wachiwewe amaoneka wabwinobwino kwa masabata kapena miyezi nthendayo isanatulukire. N'chifukwa chake galu wotola m'ngalande, amene mbiri yake simuidziwa, ndi wosiyana kwambiri ndi galu amene wakhala m'manja mwa madokotala.

Zimene mzinda wathu waphunzira

Nkhaniyi si yakutali. M'chaka cha 2007 madokotala a pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, motsogozedwa ndi Dr Macpherson Mallewa, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa zaka zitatu. Mwa ana 133 amene adamwalira ndi matenda a mu ubongo, 14 adafa ndi chiwewe. Chimene chidadzidzimutsa ambiri ndi chakuti mwa ana 26 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, atatu chidawapha ndi chiwewe. Ndiye kuti chiwewe chinkabisala kumbuyo kwa malungo, ndipo mabanja ena adaika maliro osadziwa kuti gwero lake lidali kagalu kamene kadakanda mwana miyezi ingapo m'mbuyomo.

M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za umoyo wa ziweto ndi bungwe la Blantyre SPCA, lidayamba kampeni yobaya agalu katemera waulere mumzinda uno. Ambiri mukukumbukira mizere ya ana pa masukulu a pulayimale Loweruka ndi Lamulungu, wina galu pa chingwe cha chilambe, wina tiana tagalu m'beseni, ndi agalu obwerera kwawo atapakidwa utoto pamphumi. Amene sadafike pa sukulu ankatsatidwa khomo ndi khomo. M'masiku 20 ogwira ntchito agalu oposa 35,000 adalandira katemera, pafupifupi agalu 8 mwa 10 alionse a mumzinda. Kampeniyo idabwerezedwa zaka zotsatira, ndipo madokotala a pa Queen Elizabeth adachitira umboni kuti ana ofika ndi chiwewe adachepa kwambiri.

Chinsinsi chake ndi ichi: agalu 7 mwa 10 alionse a m'dera akalandira katemera chaka ndi chaka, kachilomboka kamasowa podumphira ndipo kamazilala. Galu wobayidwa katemera amakhala ngati mpanda pakati pa galu wachiwewe ndi mwana wanu. N'chifukwa chake kupha agalu mwachisawawa sikuthetsa chiwewe: mumapha ndi obayidwa omwe, anthu n'kukatenga tiana tatsopano tosabayidwa, mpanda uja n'kugumuka. Galu mmodzi wodwala mphere amene mwamuchiritsa, mwamubayitsa ndi kumusunga pakhomo, wawonjezera njerwa pa mpandawo.

Kumene mungatenge galu

Ngati mwatsimikiza kuti mukufuna galu, pali njira zitatu zimene anthu kuno amatsata, ndipo sizifanana.

Ena amagula kwa anyamata amene amaima m'mbali mwa misewu atanyamula tiana tagalu m'manja. Tiana timeneti nthawi zambiri timakhala titachotsedwa kwa mayi wake tisanaleke kuyamwa, takhala padzuwa tsiku lonse popanda madzi, ndipo palibe angakuuzeni zoona za komwe tachokera. Ambiri amagula chifukwa cha chisoni. Koma mukagula kamodzi, mawa mnyamatayo abwera ndi tiwiri. Ena amapempha kwa mnansi amene galu wake waswa. Njira imeneyi ndi yabwinoko, chifukwa mayi wa kagaluko mukumuona, ndipo mungathe kupempha kuona kapepala kake ka katemera. Dikirani kagaluko kakwane miyezi iwiri kasanachoke kwa mayi wake.

Njira yachitatu, imene ambiri m'makwalala mwathu saidziwa kapena amaiyesa ya azungu ndi amwenye, ndi kupita ku mabungwe osamalira ziweto. Kuno kuli Blantyre SPCA, ku likulu kuli Lilongwe SPCA. Mabungwe otere amalandira ziweto zotayidwa, zovulala ndi zozunzidwa, kuzichiritsa, kenaka n'kuzifunira makomo atsopano. Galu wochokera kumalo otere angathe kukhala ndi zipsera, ubweya wosamera wonse, kapena mwendo wotsimphina, ndipo wina amakhala asanamalize mankhwala. Koma nthenda yake ili ndi dzina. Dokotala wamuona, ndipo anthu akhala akumuyang'anira tsiku ndi tsiku. Pa maganizo anga, galu wodwala amene nthenda yake ikudziwika ndi wosaopsa kuposa kagalu konenepa ka pamsewu kamene palibe akukadziwa.

Mukapita, musachite manyazi kufunsa. Galuyu adapezeka kuti, ndipo wakhala nanu nthawi yaitali bwanji? Adabwera ndi mabala olumidwa? Akudwala chiyani, nanga nthendayo imagwira anthu kapena nkhuku ndi agalu ena? Mankhwala atsala a masiku angati, ndipo akatha ndidzawapeza kuti, pa mtengo wanji? Katemera wa chiwewe adalandira liti? Amatani akaona ana? Pemphani kuti zonse zilembedwe pa kapepala. Nawonso adzakufunsani: ngati muli ndi mpanda, ngati pali pogona galu posanyowa, ngati eni nyumba avomera. Musakwiye nawo mafunso amenewo. Ambiri ku Chimwankhunda timakhala m'nyumba za lendi, mabanja atatu kapena anayi pa bwalo limodzi, ndipo galu wobwera popanda kukambirana ndi alandilodi ndi aneba amathera pomwe adachokera. Konzekeraninso kupereka kangachepe, poti katemera ndi mankhwala amene galuyo walandira adagulidwa.

Nanga kagalu kaja kali m'malaya mwa mwana wanu? Choyamba, funsani mwanayo mofatsa ngati kamuluma, kamukanda kapena kamunyambita pachilonda. Mofatsa, chifukwa mwana woopa kukwapulidwa amabisa, ndipo ana ambiri amene amafa ndi chiwewe amakhala kuti sadauze munthu. Asambe m'manja ndi sopo. Kagaluko kaikeni m'katoni kapena m'khola pa malo pamene ana safika, kapatseni madzi ndi chakudya osakagwiragwira, ndipo tsiku loyamba limene maofesi atsegula pitani nako kwa dokotala wa ziweto kapena ku ofesi ya boma ya zaziweto. Iwo ndi amene anene ngati n'kosungika. Ngati simungathe kukasunga, kaperekeni kwa a bungwe losamalira ziweto. Kukabwezera m'ngalande ndi kungokasiyira mwana wa munthu wina amene adzakatole mawa.

Masabata oyamba pakhomo

Galu watsopano, makamaka wodwala, akhale payekha masabata awiri oyambirira, kapena monga dokotala wanenera. Munthu wamkulu mmodzi ndiye azimupatsa chakudya ndi mankhwala, ndi kusamba m'manja akatha. Mbale yake ikhale yakeyake. Pogona pake pakhale pouma, pa thumba kapena bulangeti lakale lochapidwa kawirikawiri. Muzimuyang'ana tsiku lililonse: akudya? akumwa? khalidwe lake lasintha? Galu wotola, ngakhale masabata awiriwo atatha, pitirizani kukhala naye tcheru miyezi ingapo, ndipo akangosintha khalidwe mwadzidzidzi muuzeni dokotala.

Galu amene wakhala ndi njala nthawi yaitali musamukhutitse tsiku limodzi. M'mimba mwake simungalandire. Pang'onopang'ono, katatu kapena kanayi pa tsiku. Mkute wokha kapena phala la madeya lopanda kanthu sizimanga thupi. Sakanizanimo bonya, mitu ya usipa, dzira, kapena zotsala za kubutchala zophika. Mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka n'kubaya m'matumbo, ndipo anyezi wambiri amaononga magazi a galu. Madzi akumwa azikhalapo nthawi zonse, makamaka mu October ndi November.

Galu amene adagendedwa ndi kumenyedwa amakhala wamantha, ndipo galu wamantha ndi amene amaluma. Aphunzitseni ana kuti galu akamadya, akagona kapena akamayamwitsa, sasokonezedwa. Sakokedwa mchira, sakweredwa pamsana, ndipo nkhope siyandikizidwa kukamwa kwake. Palinso chikhulupiriro chakuti galu amakhala mlonda wabwino ukamutsekera m'kakhola kamdima tsiku lonse, kumumana chakudya, kapena kumupatsa tsabola ndi chamba kuti aluse. Galu wotere sasiyanitsa wakuba ndi mwana wobwera kudzagula mandasi. Mlonda weniweni ndi galu wokhuta amene amadziwa anthu ake n'kuuwa akamva phazi lachilendo.

Walira mvula walira matope

Musanatenge galu, khalani pansi monga banja muwerengere. Chakudya ndi cha tsiku lililonse. Mankhwala a njoka ndi a nkhupakupa ndi obwerezabwereza. Katemera wa chiwewe pa kampeni ndi waulere, koma wa parvo ndi matenda ena ndi wolipira. Ulendo wa kwa dokotala umafuna thiransipoti, ndipo si minibasi iliyonse imene ingakunyamuleni ndi galu. Ngati pakhomo nsima ikuvuta kupezeka kawiri pa tsiku, kukana kutenga galu si tchimo. Choipa ndi kumutenga n'kumusiya kuti azikadya kumtaya wa zinyalala kumsika, komwe amakakumana ndi agalu osadziwika n'kubwera nazo nthenda kunyumba.

Ganiziraninso za kubereka. Galu wamkazi amatha kutenga bere kawiri pa chaka, bere lake ndi la miyezi iwiri yokha, ndipo amaswa ana angapo nthawi imodzi. Tiana tambiri timene timapezeka m'ngalande timachokera kumeneko. Madokotala a ziweto amachita opaleshoni yotseka mimba ya galu wamkazi ndi yofula wamphongo. Galu wofulidwa saleka kuuwa akuba. Chimene amachepetsa ndi kuyendayenda usiku ndi kumenyana ndi anzake, komwe ndi kumene chiwewe chimafalira.

Ndipo tisabise: si galu aliyense amene angachire. Dokotala akanena kuti nthenda yafika posabwerera ndipo galu akungovutika, pali jekeseni yomugoneka mosamva ululu. Imeneyo ndi njira yachifundo. Kumugenda, kumupachika kapena kumuthirira tameki m'chakudya ndi nkhanza, ndipo tameki yemweyo amapha nkhuku, amphaka, ngakhale mwana amene watola chakudyacho.

Galu akaluma munthu

Kaya ndi galu wanu, wa aneba kapena wosadziwika, chochita choyamba si kuthamangitsa galuyo kapena kuyambana ndi mwini wake. Tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo pa madzi oyenda, a pampopi kapena othira ndi kapu, kwa mphindi 15 zathunthu. Yang'anani nthawi pa foni, chifukwa mphindi 15 ndi zambiri kuposa mmene timaganizira. Sopo wochapira wamba ndi wokwanira. Musathirepo tsabola, mchere, phulusa kapena ubweya wa galuyo wootcha, ndipo musamange balalo mothina. Kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale balalo likhale kokanda chabe. Katemera wa anthu amagwira ntchito bwino kwambiri akayambidwa msanga, ndipo amabayidwa maulendo angapo pa masiku amene achipatala akulemberani. Malizani onse. Pamalo pamene mwapita akakhala kuti watha, funsani komwe ali ndipo pitani, osabwerera kunyumba kukadikira. Katemerayu ali ndi mbiri yaitali: Louis Pasteur wa ku France adamuyesa koyamba pa munthu mu July 1885, pa mnyamata wa zaka 9 dzina lake Joseph Meister amene adalumidwa ndi galu wachiwewe, ndipo mnyamatayo adakhala ndi moyo. Tsiku limene Pasteur adamwalira, 28 September, ndi limene dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe.

Dziwitsaninso a zaziweto. Galu amene waluma, ngati ndi wodziwika, atsekeredwe ndi kuyang'aniridwa masiku 10. Akakhalabe wathanzi pakutha pa masikuwo, ndiye kuti pa tsiku limene adaluma m'malovu mwake mudalibe kachilombo. Akadwala, akafa kapena akasowa, auzeni achipatala msanga. Koma masiku 10 amenewo ndi oyang'anira galu, osati oti wolumidwa akhale kunyumba. Achipatala ndi amene anganene ngati katemera apitirire kapena ayi. Galu amene waphedwa poganiziridwa chiwewe asagwiridwe ndi manja, ndipo asatayidwe a zaziweto asanamuone, poti ubongo wake ndi umene amayeza.

Atsogoleri a miphakati, mukamva kuti kampeni ya katemera wa agalu yafika m'dera lanu, ilengezeni pa msonkhano monga mumalengezera sikelo ya ana, ndipo achinyamata athandize agogo amene sangathe kukoka galu mpaka ku sukulu. Inu eni agalu, kapepala ka katemera kasungeni pamodzi ndi mabuku a kuchipatala a ana anu. Tsiku limene galu wanu adzakande mwana wa aneba, kapepala kameneko ndi kamene adzayambe kukufunsani.